Hampu imodzi, masekondi 9: mmene mizinda imagawira msewu pakati pa oyenda pansi ndi ozimitsa moto

Galimoto yaing'ono ikafika pa hampu, dalaivala amangochotsa phazi pa mafuta, n'kukwera, n'kupitirira. Galimoto yozimitsa moto siitero. Imalemera matani 12 kapena kuposa, ndipo mwa kulemerako muli madzi a m'thanki, amene pa magalimoto ambiri a ku Britain amakwana malita pafupifupi 1,800. Dalaivala akaponda mabuleki madziwo amathamangira kutsogolo kwa thanki, matayala akutsogolo akakwera amabwerera m'mbuyo. Masipuling'i ake ndi olimba poti anapangidwira katundu wolemera, choncho kugunda konse kumafika kwa anthu okhala m'katimo. Matayala akumbuyo ali kutali ndi akutsogolo, ndiye dalaivala sangaponde mafuta mpaka nawonso atatsika. Akatsika, injini iyambirenso kukoka matani onse aja, ndipo liwiro lisanabwerere hampu ina yafika kale.

Kwa ambulansi vuto limakula pobwerera. Machira a wodwala amakhala pamwamba penipeni pa matayala akumbuyo, pamene galimoto imadumpha kwambiri. Ngati wanyamulidwayo wathyoka msana, kapena namwino akuyesa kubaya diripi, dalaivala amakwera hampu mokwawa ngati kamba.

Komatu hampuyo sanaiike pofuna kuzunza odwala. Galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola, dalaivala akaona mwana pamsewu wouma, imaima itayenda mamita pafupifupi 13: mamita 8 phazi lisanafike pa mabuleki, mamita 5 mabuleki akugwira. Yoyenda makilomita 50 pa ola imayenda mamita 14 phazi lisanafike n'komwe pa mabuleki. Ndiye kuti pamalo pamene yoyamba ija yaima, yachiwiri ikuwomba mwanayo ndi liwiro lake lonse. Kafukufuku wa bungwe la AAA Foundation ku America wa mu 2011 anapeza kuti mwa oyenda pansi 100 ogundidwa pa liwiro la makilomita 37 pa ola amafa 10, pa makilomita 51 amafa 25, pa makilomita 68 amafa theka. Ku London, ofufuza atawerenga ngozi za kuyambira 1986 mpaka 2006 anapeza kuti m'madera amene liwiro linatsitsidwa kufika pa makilomita 32 pa ola, makamaka ndi mahampu, ovulala ndi akufa anachepa ndi 42 pa 100 alionse.

A ntchito zadzidzidzi nawo ali ndi wotchi yawo, ndipo siinama. Munthu mtima wake ukaima, popanda womuthandiza, mwayi wopulumuka umatsika ndi 7 mpaka 10 pa 100 mphindi iliyonse. Moto nawonso unasintha. A bungwe la UL, loyesa chitetezo cha katundu ku America, atayatsa zipinda ziwiri zoyesera, chipinda cha mipando ya siponji ndi pulasitiki chinayaka chonse mphindi 5 zisanakwane, pamene cha mipando yakale ya matabwa ndi thonje chinatenga pafupifupi mphindi 30. N'chifukwa chake muyezo wa ku America wa ntchito za ozimitsa moto, wotchedwa NFPA 1710, umati galimoto yoyamba yozimitsa moto isathe masekondi oposa 240 (mphindi 4) panjira, pa maulendo 90 mwa 100. Ku England, kuyambira 2017, ambulansi imayenera kufika kwa wodwala amene moyo wake uli pachiswe m'mphindi 7 tikawerenga mwa avereji.

Mbali zonse ziwiri zikuwerenga maliro, kungoti aliyense akuwerenga ake. Ku America ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 40,000 pachaka, moto umapha pafupifupi 4,000. Ndipo mwa maulendo 100 amene ozimitsa moto a kumeneko amaitanidwa, a moto weniweni ndi pafupifupi 4 okha, ochuluka ndi a odwala ndi ovulala, kuphatikizapo ogundidwa ndi galimoto. Msewu wotakata wowongoka umafikitsa msanga ambulansi, koma ndi womwewonso umaipatsa ntchito.

Zimene anayeza ku Portland

Mzinda wa Portland, m'chigawo cha Oregon ku America, unayamba kale kudzaza mahampu ndi tiraundabauti tating'ono m'misewu ya m'malokeshoni, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 ozimitsa moto anali atakwiya. M'malo mokangana pakamwa, mu 1995 nthambi ya zamisewu ndi ya ozimitsa moto zinatulutsa magalimoto 6 a mitundu yosiyana, n'kuwayendetsa pa zotchinga zenizeni wina atagwira wotchi, pa liwiro la pakati pa makilomita 40 ndi 64 pa ola.

Hampu yobulungira ya mamita 4.3 m'litali inkachedwetsa galimoto ndi sekondi 1.0 mpaka masekondi 9.4. Hampu yathyathyathya pamwamba ya mamita 6.7 inkachedwetsa ndi masekondi 0 mpaka 9.2. Karaundabauti ka pamphambano kankadya masekondi 1.3 mpaka 10.7. Manambala aang'onowo ndi a magalimoto opepuka oyenda pang'onopang'ono, aakuluwo ndi a zimagalimoto za makwerero zimene zimafuna kuthamanga.

Aliyense anapezamo chomukomera. Okonza misewu anati masekondi 9 si kanthu. Ozimitsa moto anati muwerenge bwino: hampu siikhala yokha. Kuti madalaivala asamathamange pakati pa mahampu, amaikidwa motalikirana mamita 60 mpaka 100. Msewu wa mamita 800 umalandira mahampu 10, ndipo galimoto yamakwerero ikataya masekondi 9 pa iliyonse yataya mphindi imodzi ndi theka pa mphindi 4 zija. Onse ankanena zoona. Chimene manambalawo anaonetsa n'chakuti funso loti hampu n'njabwino kapena n'njoipa lilibe ntchito. Chofunika kudziwa ndi chiwerengero cha zotchinga zimene galimoto ingakumane nazo kuchokera pa siteshoni kukafika pakhomo lakutali kwambiri.

Yankho la Portland linali mapu. Mu 1998 khonsolo inagawa misewu ya mumzindamo m'magulu awiri pa nkhani ya ntchito zadzidzidzi. Gulu loyamba ndi misewu imene ozimitsa moto amayendamo gawo lalikulu la ulendo wawo. M'menemo analetsa kuika mahampu atsopano, ngakhale amene analimo kale anawasiya. Gulu lachiwiri ndi misewu yonse yotsala, imene galimoto imalowamo kumapeto kwa ulendo, ndipo m'menemo anthu akhoza kupempha mahampu. Mwa njira imeneyi ulendo wa makilomita atatu umakumana ndi zotchinga ziwiri kapena zitatu m'mamita otsiriza okha, ndipo injiniya safunika kukagogoda kwa mkulu wa ozimitsa moto pa hampu iliyonse.

Mapu otere ali ndi chilema chimodzi chimene Portland inadzachiona yokha. Misewu imene ozimitsa moto amaikonda, yowongoka ndi yolumikiza madera, ndi yomweyonso madalaivala amathamangamo, ndipo m'mbali mwake muli masukulu ndi masiteji a basi. Ukailemba kuti isakhudzidwe, wasiya osatetezedwa anthu a pamsewu woopsa koposa. N'chifukwa chake patapita zaka mzindawu unayamba kulola mtundu wina wa hampu m'misewu ina ya gulu loyamba ngati ozimitsa moto avomereza.

Hampu, tebulo ndi kushoni

Hampu yovomerezeka ili ndi miyeso. Imene inayesedwa ku Britain mu 1973, n'kufalikira m'mayiko ambiri, inali ya mamita 3.7 m'litali ndi masentimita 10 msinkhu. Malamulo a ku England a mu 1999 amalola msinkhu wa masentimita 2.5 mpaka 10, ndipo amakakamiza khonsolo kufunsa apolisi, ozimitsa moto ndi a ambulansi isanamange. Masiku ano mainjiniya ambiri amasankha masentimita 7.5, poti masentimita awiri ndi theka otsalawo sachepetsa liwiro kwenikweni koma amachititsa magalimoto aatali kukhula pansi. Choipa kwambiri ndi chitunda chachifupi chosongoka, chosafika mita imodzi m'litali. Galimoto yaing'ono ya masipuling'i ofewa ikhoza kuchidumpha mothamanga osamva zambiri, pamene galimoto yolemera iyenera kuima kaye. Chimalanga amene sanalakwe.

Hampu yathyathyathya, imene ena amati tebulo, ili ndi pokwerera, pamwamba pafulati, ndi potsikira. Ya mamita 6.7 ija imakhala ndi mamita 3 afulati ndi mamita 1.8 mbali iliyonse. M'misewu ya mabasi ku Britain amatalikitsa pafulatipo kufika mamita 6, ndipo pokwerera pamakwera sentimita imodzi pa masentimita 15 alionse. Ubwino wake ndi woti pamwambapo pamasanduka powolokera anthu.

Kushoni ndiye inapangidwira nkhani inoyi. Inayambira ku Germany, ndipo ndi hampu imene sifika m'mbali zonse za msewu: kachitunda kamakona anayi pakati pa njira ya galimoto imodzi, kusiya mipata uku ndi uku. Nzeru yake ili pa kutalikirana kwa matayala. Matayala akumanzere ndi akumanja a galimoto yaing'ono amatalikirana pafupifupi mita imodzi ndi theka, a kutsogolo kwa basi kapena galimoto yozimitsa moto amatalikirana pafupifupi mamita awiri. Yaikuluyo imadutsa kushoniyo ili pakati pa matayala, yaing'ono imakakamizika kukwera. Malangizo a ku Britain amati msinkhu usapose masentimita 7.5, m'mbali mupendeke sentimita imodzi pa masentimita 4, kutsogolo ndi kumbuyo imodzi pa 8. Mpata wa pakati pa makushoni awiri usapose mamita 1.2, apo ayi madalaivala amayamba kudutsa pakati pa msewu. Pakati pa kushoni ndi m'mphepete mwa msewu pasiyidwe masentimita 75 kapena kuposa, kuti njinga ndi madzi a mvula zidutse.

Mkangano wonse umathera pa m'lifupi. Kushoni ya mamita 1.9 pamwamba pake pafulati ndi mamita 1.3, ndipo galimoto yaing'ono imaikwera ndithu. Ya mamita 1.6 pafulati ndi mita imodzi yokha, ndipo dalaivala wolunjika bwino matayala ake amangokhudza m'mphepete. Kushoni yotakata imagwira ntchito koma imagwedeza ambulansi, yopapatiza imakomera ambulansi koma aliyense amaizolowera sabata imodzi isanathe. Pali zinanso zimene mapepala otsatsa malonda sanena. Magalimoto olemera ali ndi matayala awiriawiri kumbuyo, ndipo am'katiwo amakwera kushoni ngakhale akutsogolo atadutsa bwino. Wina akaimika galimoto pafupi ndi kushoni, wozimitsa moto sangailunjike pakati, ndiye amaikwera ndi mbali imodzi galimoto n'kupendama. Njinga zamoto sizichedwa n'komwe, zimangodutsa mumpata.

Apa pali mfundo yokhudza kwathu kuno. Maambulansi ambiri a zipatala za m'maboma ndi a Toyota Land Cruiser, amene matayala ake amatalikirana mofanana ndi a galimoto wamba. Palibe kushoni imene ingalole Land Cruiser kudutsa mosagwedezeka n'kuletsa galimoto ina yonse. Ndipo m'tauni yodzaza makabaza a njinga zamoto, kushoni imasiya gulu lalikulu la othamanga osakhudzidwa.

Njira zina zilipo. Portland inayesapo kudula hampu pakati n'kuika zidutswa ziwirizo motalikirana, china mbali ino china mbali inayo, kuti galimoto yadzidzidzi izikhotakhota pakati pake. Zimatheka pamsewu wa magalimoto ochepa okha. Ku Linköping, m'dziko la Sweden, kuyambira 2010 kuli chipangizo chotchedwa Actibump, chitsulo chimene chimakhala chofanana ndi msewu koma chimatsika masentimita ochepa makina akaona galimoto yopyola liwiro. Chimafuna magetsi ndi okonza pafupipafupi. Tiraundabauti ta m'malokeshoni, timene mzinda wa Seattle ku America uli nato toposa 1,000, amatimanga ndi mkombero wotsika wakonkire woti matayala a galimoto yaikulu akwerepo.

Mamita 6.1 kapena 3.7

Nkhondo yaikulu kuposa ya mahampu ndi ya m'lifupi mwa msewu. Malamulo a International Fire Code, amene madera ambiri a ku America amatsatira, amati msewu wofikira ozimitsa moto ukhale ndi mamita 6.1 opanda chotchinga chilichonse, ngakhale galimoto yoimikidwa, ndi mamita 4.1 m'mwamba. Gawo lowonjezera la malamulowo, limene mzinda umasankha wokha kulitenga kapena ayi, limafuna mamita 7.9 pafupi ndi mpopi wa madzi ozimitsira moto komanso pa nyumba zotalika kuposa mamita 9. Kuyambira 2012 malamulo omwewa amati chochepetsa liwiro chilichonse n'choletsedwa pokhapokha mkulu wa ozimitsa moto atavomereza.

Manambalawa ali ndi zifukwa zake. Galimoto yozimitsa moto ndi ya mamita pafupifupi 2.5 m'lifupi. Ikaima, zitseko za makabati a m'mbali zitseguke, mapaipi atambasulidwe, ndipo ina ithe kudutsa pambali. Galimoto yamakwerero imatulutsa miyendo yachitsulo mbali zonse ziwiri kuti isagwe makwerero akatambasuka, ndipo miyendoyo imadya mamita 5 kapena kuposa. Koma onkhetsani: mamita 6.1 kuphatikizapo malo oimika magalimoto mbali zonse ziwiri ndi msewu wa mamita oposa 10 pakati pa nyumba zogona. Masana, eni magalimoto ali ku ntchito, msewu wotere umaoneka ngati bwalo la ndege, ndipo chikwangwani cha liwiro palibe amene amachiona.

Ku England amasiyanitsa zinthu ziwiri zimene lamulo la ku America limaziphatikiza: malo odutsa ndi malo ogwirira ntchito. Malamulo a zomangamanga amafuna mamita 3.7 pakati pa mphepete ziwiri za msewu, mamita 3.1 pa geti, msewu wotha kunyamula matani 12.5, ndiponso kuti galimoto ifike pa mtunda wosaposa mamita 45 kuchokera pena paliponse m'nyumba yogona. Malangizo a boma a kamangidwe ka misewu ya m'malokeshoni a mu 2007 anawonjezera kuti mamita 3.7 ndi ofunika pamene galimoto ikaime, koma pongodutsa msewu ukhoza kupapatiza mpaka mamita 2.75 pa kamtunda kochepa. Kusiyanitsa kumeneku ndi kumene kumatsegula njira. Msewu ukhoza kukhala wopapatiza, bola pakhale malo otakata apa ndi apo, monga pamphambano, pa mpopi ndi pa mageti a nyumba, pamene palibe wololedwa kuimika galimoto.

Ku Japan lamulo la zomangamanga la mu 1950 limati poloti ikhudze msewu wa mamita 4 kapena kuposa. Pamene pali kanjira kakale kopapatiza, womanganso nyumba amabweza mpanda wake kuti utalikire mamita awiri kuchokera pakati pa njirayo, ndipo msewu umakula pang'onopang'ono nyumba ndi nyumba. Ozimitsa moto a kumeneko amagula magalimoto ogwirizana ndi misewu yawo, ena aang'ono ngati kapikapu.

Mizinda ina ya ku America yayamba kuganiza chimodzimodzi, kuti n'kwapafupi kusintha galimoto imene imatha pakapita zaka 15 kapena 20 kusiyana n'kumanga mzinda wonse moyezera galimotoyo. Mu 2017 San Francisco inagula magalimoto 8 ofupikirapo ndi masentimita 25, okhota pa bwalo la mamita 7.6 kuchokera pakati m'malo mwa mamita 10, a zitseko za makabati zopindikira m'mwamba zosadya malo m'mbali. Ku Baltimore chaka chomwecho kunabuka mlandu akuluakulu a mzindawo atafuna kuchotsa njira ya njinga ya mumsewu wa Potomac ponena za lamulo la moto, ndipo mu 2018 makhansala anafafaniza mbali ya lamulolo yokhudza m'lifupi mwa misewu.

Izi sizikutanthauza kuti kupapatiza kulibe malire. Pa moto wa ku mapiri a Oakland ku America mu 1991 anafa anthu 25, ambiri a iwo akuthawa m'misewu yopapatiza yokhotakhota. Dera la m'nkhalango kapena m'phiri, lokhala ndi njira imodzi yotulukira, lisayezedwe ndi muyezo wa pakati pa tauni pamene mphambano iliyonse ili ndi njira zinayi.

Pakona ndiye pamakanika

Kawirikawiri galimoto yaikulu siikanika pamsewu wowongoka. Imakanika pokhota, chifukwa matayala akumbuyo satsata mapazi a akutsogolo koma amadula kona cham'kati, ndipo pa galimoto yamakwerero mchira umasesa kunja. Mainjiniya akale ankathetsa izi pokulitsa kona, koma kona yotakata imalola galimoto yaing'ono kukhota osachepetsa liwiro, komanso imatalikitsa mtunda umene woyenda pansi awoloke. Masiku ano amasiyanitsa galimoto imene imakhota pamenepo tsiku ndi tsiku, monga yotola zinyalala, ndi imene imabwera mwa apo ndi apo. Yoyambayo ikhote m'njira yake. Yachiwiriyo, poti ili ndi sayirini, iloledwe kudya njira ya obwera kutsogolo kapena kukwera mphepete yotsika yomangidwa ndi konkire yokhuthala. Mzere woimira magalimoto pa maloboti amaubweza m'mbuyo mamita angapo kuti mchira upeze malo.

Mdani wamkulu pakona ndi galimoto yoimikidwa. Malamulo a pamsewu a ku Britain amati osaimika galimoto pa mtunda wosakwana mamita 10 kuchokera pamphambano, koma penti yokha siiletsa munthu wopita kukagula buledi. Kukulitsa njira ya oyenda pansi pakonapo, kapena kuzikapo timitengo tapulasitiki togonja tikagundidwa, kumachotsa malo oimikawo. Pano palibe mkangano: mwana wowoloka amaoneka msanga, ndipo wozimitsa moto amakhota kamodzi n'kamodzi.

Mapulogalamu a pakompyuta monga AutoTURN amajambula njira ya matayala, koma amakonda kuwonjezera malo, ndiponso amadalira miyeso imene wina walowetsamo. Mayeso odalirika ndi a pabwalo. Jambulani konayo ndi choko kapena laimu pamsewu weniweniwo monga mmene idzakhalire, ikani makoni m'mizere yake, ndipo imikani magalimoto enieni pamalo onse amene anthu adzaimikepo, ngakhale oletsedwa amene mukudziwa kuti adzaimikapo ndithu. Bweretsani galimoto yaitali koposa ya siteshoni ya deralo, thanki itadzaza, ndi dalaivala wamba osati katswiri wa onse. Akhote kuchokera mbali zonse, katatu katatu. Koni iliyonse yagwa muilembe. Kenako aime, atsegule makabati, atulutse miyendo ya makwerero. Nthawi zambiri chofunika kusintha chimapezeka kuti ndi mtengo wa magetsi, chikwangwani kapena theka la mita pa chilumba cha pakati pa msewu, osati pulani yonse.

Pa misewu ikuluikulu ija yoletsedwa mahampu, zochita zilipo. Msewu wa njira zinayi ukhoza kusanduka wa njira ziwiri ndi yachitatu pakati yokhotera. Boma la America limati izi zimachepetsa ngozi ndi 19 mpaka 47 pa 100, ndipo njira yapakatiyo imakhala yopanda kanthu nthawi zambiri, ambulansi n'kudutsamo. Njira za mabasi, ndiponso njira zotakata za njinga za ku London ndi Paris, maambulansi amathawiramo magalimoto akathithikana. Choyenera kupewa ndi chilumba chachitali cha mphepete zazitali pakati pa msewu wa njira imodzi uku imodzi uku. Madalaivala amamva sayirini koma alibe kopatukira.

Kutseka msewu

Mu 2020, nthawi ya Covid-19, makhonsolo ambiri a mu London anatseka misewu ya m'malokeshoni kuti magalimoto odula njira asamadutsemo. Anaika mabokosi a maluwa ndi zitsulo pakati pa msewu, oyenda pansi ndi a njinga n'kumadutsa. Madandaulo anali ambiri, ndipo ena anali oona: ambulansi kufika pa mabokosi, wodwala ali tsidya linalo, n'kuzungulira. Ofufuza a ku mayunivesite a mumzindamo anatenga kaundula wa nthambi ya ozimitsa moto ya London Fire Brigade, imene cholinga chake n'kufikitsa galimoto yoyamba m'mphindi 6 mwa avereji, n'kuyerekeza nthawi ya kale ndi ya pambuyo pake. Sanapeze umboni woti nthawi yofikira inakwera m'maderawo. Chimene chinakwera ndi maulendo amene ozimitsa moto analemba kuti anachedwa chifukwa cha zochepetsa liwiro, pamene olembedwa zifukwa zina anatsika. Chotchinga chatsopano munthu amachiona n'kuchikumbukira, koma mzere wa magalimoto umene sunapezeke tsiku limenelo palibe amaulemba.

Komabe makhonsolo ambiri anamvera a ambulansi n'kusintha katsekedwe. M'malo motchingiratu, amasiya mpata wa galimoto imodzi ndi kamera yowerenga nambala. Wamba akadutsa amalandira chindapusa, ambulansi imangodutsa. Chitsulo cha loko chimaoneka chotchipa koma chimafuna kuti wina atsike, apeze kiyi, atsegule loko amene mwina wachita dzimbiri kapena wathiridwa guluu, achotse chitsulo, akwerenso. Ozimitsa moto amakhala anayi kapena asanu m'galimoto, koma mu ambulansi yonyamula wodwala mmodzi akuyendetsa, winayo manja ali pa wodwala. Ndipo kamera ili ndi phindu pokhapokha pali kaundula wa magalimoto wolondola ndi njira yotolera chindapusa.

Kutseka kulikonse kumabala msewu wopanda potulukira. Ku England galimoto yozimitsa moto isabwerere chambuyo mamita oposa 20 popanda potembenukira, ku America malire ndi mamita 46. Mzinda wa Charlotte ku America utayerekeza masiteshoni ake mu 2008 unapeza kuti siteshoni ya m'dera la misewu yolumikizana imafikira mabanja ochuluka kangapo kuposa ya m'dera la misewu yothera panjira. Choncho dera lililonse lotsekedwa likhale ndi polowera pawiri mbali zosiyana, ndipo mapu a m'makompyuta a olandira mafoni angozi ndi a m'magalimoto asinthidwe tsiku lotseka lisanafike. Kuchedwa kwina kwa masabata oyamba kumachokera pa makina olondolera njira amene akutumizabe dalaivala kumsewu umene unatsekedwa dzana.

Ntchito ikatha, muyeze. Nthawi yofikira isawerengedwe mwa avereji yokha, imene imabisa makomo akutali, koma muonenso nthawi imene maulendo 90 mwa 100 amakwanitsa, miyezi 12 ntchito isanayambe ndi miyezi 12 itatha. Liwiro la magalimoto liyezedwe pakati pa mahampu awiri, osati pamwamba pa hampu. Hampuyonso iyezedwe kontrakitala asanalipidwe: thabwa lowongoka ligonekedwe pamwamba pake motsata msewu, sipiriti levulo pamwamba pa thabwalo, ndipo tepi itsike kuchokera pa thabwa kufika pa phula mbali zonse ziwiri. Phula lowumbidwa ndi mafosholo limapyola muyeso mosavuta, ndipo hampu imene pa pulani inalembedwa masentimita 7.5 ikatuluka ya masentimita 12, masekondi a ku Portland aja sakugwiranso ntchito pamenepo.